Denga likamathonyera m'tsinde mwa chumuni

Si nyumba yothonya iliyonse imene malata ake atha. Lata limatha kukhala langwiro, madzi n'kumalowera pamene denga linabooledwa, ndipo malo oyamba kuwakayikira ndi pamene chumuni chatulukira. Nkhaniyi ndi ya aliyense amene utsi wake umatulukira padenga kuno ku Salima: wa khitchini ya mbaula ya chumuni, wophika mabanzi pa Kamuzu Road, komiti yoyang'anira khitchini ya phala kusukulu, ngakhale eni malo ogona alendo ku Senga Bay.

Zimene ndimaziona kawirikawiri m'maderamu ndi izi: mvula yoyamba ikangodonthezera paphale, bambo amagula simenti ya pambale, n'kukwera padenga, n'kuunjika dothi la simenti kuzungulira chumuni. Chaka chimenecho pamakhala bwino. Chaka chinacho madzi abwereranso, iwo awonjezeranso simenti ina pamwamba pa yakale.

Simentiyo siilakwa, koma yapatsidwa ntchito yosakhala yake. Chumuni cha njerwa chaima pansi, sichisuntha. Lata ndiye silikhazikika. Dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno likaliwomba limafutukuka, usiku n'kubwerera, ndipo kuthetheka kumene mumamva padenga masana ndi komweko. Lata la mamita 3 limatalika ndi milimita imodzi kapena kuposerapo pakati pa m'bandakucha ndi masana. N'zochepa, koma zikuchitika tsiku lililonse, ndiye mwera nawo umaligwedeza miyezi yonse yozizira. Simenti youma sipindika, imangong'aluka. Mng'alu wake umakhala waung'ono woti simungauone muli pansi, koma madzi amaupeza. Choipa china n'chakuti mulu wa simenti kumtunda kwa chumuni umatchinga madzi otsika m'mizere ya lata, amaima pamenepo, ndipo lata limadyeka ndi dzimbiri kunsi kwa simentiyo inu osadziwa.

Chofunika pamenepa ndi malata afulati opindidwa, amene amisiri amawatchula kuti flashing. Nzeru yake ndi yomwe ija ya wofolera udzu: mtolo wakumtunda umagona pamwamba pa wakumunsi, kuti madzi azingotsetsereka osapeza polowera. Muyambire kumunsi kukwera kumtunda.

Chidutswa choyamba chikhale kumunsi kwa chumuni. Mbali yake imodzi iime chotsamira njerwa, kukwera masentimita 15, inayo igone pamwamba pa malata a denga. Kenako ziwiri za m'mbali, nazonso zikwere masentimita 15, zidutse mizere iwiri yokwera ya lata, mlomo wake upindikire pansi, ndipo kumunsi kwake zigone pamwamba pa choyamba chija. Pokhoma, msomali kapena sikuluu ilowe pamzere wokwera, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo ikhale ndi kalabala kake.

Chidutswa chakumtunda ndicho chimavuta, ndipo amisiri ofulumira amachilakwitsa. Madzi onse ochokera kumsonga kwa denga amafikira pamenepa. Chiyenera kulowa pansi pa lata lakumtundalo, chakuya ndithu, ngati masentimita 30, ndipo chitulukire mbali zonse ziwiri za chumuni n'kugona pamwamba pa zidutswa za m'mbali zija. Mukachigoneka pamwamba pa lata n'kumata phula m'mphepete, mwatsegulira madzi khomo. Ngati chumuni chili pafupi ndi msonga, pali njira yosavutirapo: tengani lata lafulati lalitali, ligone pamwamba pa malata kuchokera pachumuni mpaka likalowe pansi pa lata lovindikira msonga. Mukatero simuzula lata lililonse. Chumuni chikakhala chachikulu, choposa masentimita 75 m'lifupi ngati za m'makhitchini a sukulu, mmisiri apange kadenga kakang'ono ka msonga kumbuyo kwake kuti madzi azigawika kumanja ndi kumanzere.

Patsala mlomo wa pamwamba wa zidutswa zonsezi, pamene zatsamira njerwa. Musazikhomere kunjerwako. Semani kangalande mumzere wa dothi pakati pa njerwa, kuya kwake masentimita awiri ndi theka, chapamwamba pang'ono pa mlomowo. Lowetsanimo mlomo wa kalata kena kopindidwa, kalendewere pansi kuvindikira zidutswa zija. Kalata aka kagwira chumuni, zidutswa zija zagwira denga, ndipo ziwirizi sizinakhomedwe pamodzi. Denga likamasuntha zimangotsetserekerana, madzi osalowa. Apa ndiye simenti ipeze ntchito yake, yotseka kangalande kaja basi.

Musaope kuti zimenezi n'za amisiri a m'tauni okha. Okhoma zidebe pamsika amadula ndi kupinda lata lafulati tsiku ndi tsiku. Apititsireni miyezo, kapena dulani katoni mofanizira pachumunipo mukawapatse. Lata lake likhale lochindikala, la geji 28 kapena lochindikala kuposa apo, chifukwa utsi ndi mwaye zikasakanikirana ndi madzi a mvula zimadya lata lopyapyala msanga. Likhalenso la mtundu umodzi ndi la dengalo. Mtovu kapena kopa mukaziphatikiza ndi malata a aluzinc, okutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, malatawo amadyeka.

Pogula silikoni, funsani wolembedwa kuti neutral cure. Wina uja amanunkha ngati viniga mukamufinya, ndipo asidi wakeyo amawononga chikutiro cha lata. Phula ndi tepi ya phula zingakupulumutseni mvula ikakupezererani pakati pa Januwale, koma dzuwa la kuno limaziumitsa n'kuzing'alula, choncho muziwerenge ngati zongogwirizira. Pa chumuni cha paipi yachitsulo musayikepo phula n'komwe, chifukwa paipi imatentha. Imeneyo imafuna lata lafulati lokhala ndi khosi pakati, paipi idutse m'khosimo, ndiye kachipewa kozungulira kamangidwe papaipi kuvindikira khosilo. Matabwa a denga atalikirane ndi paipiyo, moto ungabuke.

Nthawi yoyendera denga ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe. Kwerani m'mawa mame atauma, lata lisanatenthe, wina akugwirireni makwerero. Pondani motsata mzere wa misomali, pamene pali thabwa kunsi, ndipo yang'anani kumene kwadutsa waya wa magetsi. Yambani ndi kumbuyo kwa chumuni. Mukapezako masamba a mango, mchenga wouluzika ndi mphepo ndi zisa za mbalame, zitaumbika pamodzi. Zimenezo zimasunga chinyontho, chotsani zonse muone lata lenilenilo. Dzimbiri la pamwamba palani ndi bulashi yawaya, mupake penti yoteteza dzimbiri. Pamene chala chikubooleza, chidutswacho chatha, sinthani.

Mkati mwa nyumba, banga la madzi pasiling'i lisakunamizeni. Madzi amatha kuyenda ndi thabwa n'kukadonthera patali ndi pamene alowera. Kuti mupeze malo enieni, wina akhale mkati ndi tochi, inu muthire madzi padenga ndi ndowa pang'onopang'ono, kuyambira kumunsi kwa chumuni, kenako m'mbali, kumtunda pomaliza, mukudikira pakati pake. Mukayambira kumtunda ponse panyowa ndipo simudziwa pamene palakwa.

Zonse zikaoneka zabwino koma khoma la chumuni n'kumanyowabe mkati, yang'anani pamwamba pake. Mwina mvula ikugwera m'kamwa mwa chumuni chopanda chipewa, kapena njerwa zosapaka pulasitala zikumwa madzi n'kuwatsitsira kuseri kwa malata mwaika aja. Chiikeni chipewa chosiya mpata wotulukira utsi m'mbali, ndipo mbali yonse ya njerwa imene ili kunja kwa denga ipakidwe pulasitala mpaka pa kangalande kaja.