Ukafuna kufunsa mafunso ovuta mu mpingo wa a Mormon, yamba chonchi

Mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa anandiimitsa pa Boma kufupi ndi mlatho wa Shire uja, foni mmanja, akuti aphunzitsi, zoona kuti mpingo umenewu sunkapatsa unsembe anthu akuda? Ndinamuuza kuti eya ndi zoona, zinasintha mu June 1978 nthawi yomwe mtsogoleri wa mpingo wonse anali Spencer W. Kimball. Anangoti kukamwa yasa. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndinamulangiza, mwina alipo ena amene zikuwavuta mumtima.

Choyamba usathamangire pa Facebook. Gula bandulo yako, pita pa webusaiti ya mpingowo uwerenge zomwe iwo eni analemba, amazitcha Gospel Topics Essays. Ya nkhani ya khungu ndi unsembe inatuluka mu December 2013 ndipo mmenemo mpingo unakana poyera zija ankanena kale zoti khungu lakuda ndi temberero. Ya mitala ya Joseph Smith iliponso. Ukamakafunsa atsogoleri uli ndi pepala la mpingo womwewo mmanja palibe angakunene kuti watola zamumsewu.

Kenako dziwa zomwe zinawaonekera anzako. Mu September 1993 ku Utah, ku America, anthu 6 ophunzira bwino analangidwa mwezi umodzi, asanu anachotsedwa mumpingo, mmodzi anangoimitsidwa. Pagululi panali D. Michael Quinn, katswiri wa mbiri yakale yemwe anaphunzitsapo pa BYU, yunivesite ya mpingowu, munthu woti chikhulupiriro chake sanachitaye mpaka anamwalira mu 2021, ine nkhani yake imandikhudza kwambiri. Maxine Hanks, winanso wa pagulu lomweli, anabatizidwanso mu 2012. Kate Kelly anachotsedwa mu 2014 atayambitsa gulu lofuna kuti amayi azidzozedwa unsembe. Ukayang'anitsitsa, chomwe chimawafikitsa anthu ku bwalo la mpingo sikufunsa ayi koma kulemba poyera ndi kusonkhanitsa anthu, ndiye uganize kaye ngati wakonzeka kulipira mtengo umenewo, ena anaona kuti nkoyenera ndipo ine sindiwaweruza.

Ngati ukulota zokaphunzira ku BYU ku Provo, dziwiratu kuti bishopu, mtsogoleri wa mpingo wa kwanuko, amayenera kukuvomereza chaka ndi chaka, komanso mu 1998 bungwe la aphunzitsi a mayunivesite ku America, AAUP, linadzudzula sukuluyi pa nkhani ya ufulu wa aphunzitsi.

Mtsogoleri wako kamuonere pa awiri, osati pakati pa kalasi la Sande, ndipo funso likhale limodzi, ulilembe papepala kuti mantha akakugwira usaiwale.