Momwe mungajambulire tizilombo ta m'dimba ndi foni yanu

Foni imene muli nayoyo ikhoza kujambula njuchi, gulugufe kapena chiswamphika mooneka bwino, bola mudziwe nthawi yopitira kudimba komanso musafikeko mwaphuma.

Choyamba, lawirirani. Tizilombo timadalira dzuwa kuti thupi litenthe, choncho cha m'ma 6 mpaka 8 koloko, mame asanakamuke, timakhala tofooka ndipo timalola kutiyandikira. Gulugufe amene masana sangakudikireni mumamupeza atangoti phee pa tsamba, mapiko atapinda. Tizilombo timachuluka dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye timachepa, koma timene tilipo timachedwa kuchangamuka chifukwa cha chisanu.

Mukafika musazungulire dimba lonse. Sankhani malo amodzi, mukhale pansi. Malo oyambira abwino ndi pa maluwa a maungu, chifukwa amatseguka mbandakucha n'kufota dzuwa lisanafike pamutu, ndiye njuchi zimathamangira nthawi yomweyo. Njuchi imalowa mpaka pansi pa duwa, imatembenuka, n'kutuluka thupi lonse lili mbuu ndi mungu wachikasu. Lozetsani foni pakamwa pa duwa njuchi idakali m'kati, muidikire potuluka. Mpendadzuwa, nandolo ndi therere zikachita maluwa nazonso sizisowa alendo.

Tsopano kagwiridwe ka foni. Pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa, pakuti kamakhala ndi mafuta a zala. Sendezani foni pang'onopang'ono mpaka mutaona kuti chithunzi chayamba kuchita chimbuuzi, kenaka bwererani m'mbuyo pang'ono. Mafoni ambiri saona bwino chinthu chikayandikira kuposa masentimita 10, kupatula okhala ndi macro, njira yojambulira zinthu zapafupi kwambiri, imene nthawi zambiri imakhala ndi chizindikiro cha duwa. Khudzani pa sikirini pamene pali mutu wa kachilomboko. Maso akaoneka bwino, chithunzi chatheka, ngakhale mapiko atazimirira. Tsamiritsani zigongono pa mawondo kuti manja asanjenjemere, ndipo jambulani zambiri motsatizana, mudzasankhe muli kunyumba. Zoom isiyeni. Ndi bwino kujambula chapatali pang'ono n'kudzadula chithunzicho pambuyo pake. Flash nayonso imayeretsa mitundu mopitirira.

Samalani ndi chithunzithunzi chanu. Chikangogwera pa kachilombo, kamayesa mbalame yafika ndipo kamathawa. Dzuwa likhale cham'mbali mwanu. Komanso tsikani mufanane msinkhu ndi chimene mukujambula: chiswamphika chojambulidwa kuchokera pamwamba ndi kamtengo chabe, koma mukachifikira cham'maso chimatembenuza mutu n'kukuyang'anani.

Ongoyamba kumene ayambire pa nunkhadala. Alimi samufuna, n'zoona, koma mitundu yake yofiira, yachikasu ndi yakuda imakoma pa chithunzi, ndipo sathawa msanga poti mbalame zimamupewa. Tombolombo akauluka musamutsatire. Amakonda kubwerera pa kamtengo komwe kaja, ndiye konzekerani pomwepo. Ngati muli ndi mtengo wa mandimu kapena malalanje, yang'anitsitsani pa masamba anthete. Mudzapeza timbozi tooneka ngati zitosi za mbalame, takuda ndi mawanga oyera. Tikakula timasanduka tobiriwira, kenaka n'kudzakhala agulugufe akuluakulu akuda a madontho achikasu. Kujambula tsamba lomwelo masiku angapo motsatizana kumaonetsa kusintha konseko.

Musanagwade yang'anani pansi, kuopa linthumbu. Musapise dzanja m'matutu a zinyalala kapena pansi pa masamba a mbatata osayamba mwagwedeza ndi ndodo, chifukwa njoka zimabisala momwemo. Chisa cha mavu chijambuleni muli patali. Ndipo bilimankhwe mukamupeza pa nthambi, musiyeni pomwepo, alibe poizoni ndipo amadya tizilombo towononga mbewu.

Mukafuna kudziwa dzina la kachilombo, jambulani katatu: pamsana, cham'mbali ndi kumutu, komanso mbewu imene mwakapezapo. Ikani kamtengo ka machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Pulogalamu ya iNaturalist imalandira zithunzi zotere, ndipo anthu odziwa za tizilombo amathandiza kutchula mtundu wake. Pulogalamu ina ya Google Lens imayankha msanga koma imaphonya kawirikawiri, musaikhulupirire yokha.

Kwa mlimi wa chimanga luso limeneli lili ndi phindu lina. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu wa fall armyworm, zimene zinayamba kuvuta kuno ku Malawi m'nyengo ya ulimi ya 2016/2017, zimadziwika ndi chizindikiro chonga Y yozondoka pamutu ndiponso madontho anayi akuda oyalana mbali zinayi chakumchira. Tsegulani mtima wa chimanga pamene pali ndowe zonga utuchi, jambulani mutu ndi kumchira, mutumize kwa alangizi a zaulimi pa WhatsApp musanagule mankhwala.