Momwe ndimaphunzitsira ana za anyani otchuka

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Mulanje, yambani ndi mchira. Apusi amene amatithera nthochi ku Likhubula ali nawo, koma chimpanzi ndi gorila alibe. Auzeninso ana kuti awiriwa sapezeka m'nkhalango za Malawi, ngakhale pa Sapitwa.

Kenako atulutseni panja, mupite nawo pachulu. Aliyense athyole kaudzu, akalowetse pauna pang'onopang'ono, adikire chiswe chilume, ndiye asolole. Ambiri chimawagwera m'njira, amaseka. Pamenepo ndiye muwauze za David Greybeard, chimpanzi amene Jane Goodall, katswiri wa nyama wa ku England, anamuona akuchita zomwezi ku Gombe, m'dziko la Tanzania, mu 1960, akatswiri ambiri akadali ndi maganizo oti zida amapanga ndi munthu yekha.

Koko musamufulumirire. Gorila ameneyu, wobadwa mu 1971 ku San Francisco, anaphunzitsidwa chinenero chamanja, koma akatswiri amatsutsanabe ngati ankalankhuladi. Anawo atsutsanenso okha.

Za Ham, chimpanzi amene America inamutumiza mumlengalenga mu 1961, ndimangodutsapo. Ana amaombera m'manja, ine zimandimvetsa chisoni: anamumangirira pampando, osamufunsa.