Kubzala atichoki pakhomo kuno ku Blantyre

Mwafunsa ngati atichoki angachite bwino pakhomo panu ku Chigumula. Angachite ndithu, mayi. Mbewuyi, yomwe ndi ya m'gulu la ndiwo zamasamba ndipo timadya duwa lake, kwawo ndi kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, makamaka ku Italy, ndipo imakonda kozizira. Chiperoni chathu cha mu Juni ndi Julayi ndicho chimaithandiza kutulutsa maluwa.

Fesani mu timachubu mu Febuluwale kapena Malichi. Pakatha masabata ngati 8, okani pamalo owomba dzuwa, motalikirana mita imodzi, chifukwa tsinde lake limatambasuka kwambiri. Dzenje lililonse muikemo manyowa owola bwino. Thirirani pafupipafupi, koma madzi asadikhe, mizu ingawole. Muziyang'ananso kunsi kwa masamba, nsabwe zimabisala kumeneko.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: chodyedwa ndi duwa lisanamasule. Dulani likadali lolimba ngati chibakera, ndi kaphesi kake. Likangoonetsa zofiirira, latha.

Wiritsani m'madzi a mchere ndi ndimu kwa mphindi 30 mpaka 40. Sendani tsamba limodzilimodzi la duwalo, mukukokota mnofu wakutsinde ndi mano. Chotsani ubweya wapakati ndi supuni, mudye mtima wake wofewawo ndi batala pang'ono.