Kaikidwe ka Zithunzi Zikuluzikulu mu Felemu Kuti Zisakwinyike

Anthu ambiri akaona chithunzi cha ukwati chitachita makwinya m'felemu amathamangira kudzudzula amene anachitsuka, chikhalirecho vuto limakhala kamatidwe. Pepala limamwa chinyezi n'kufutukuka m'dzinja, kenako limabwerera m'chilimwe, choncho ngati linamatidwa ndi selotepi mbali zonse zinayi limasowa kolowera ndipo limatukumuka pakati.

Chithunzi chikabwera chokulungidwa, chiyaleni patebulo pakati pa mapepala awiri oyera, muikepo thabwa losalala ndi mabuku pamwamba kwa masiku awiri.

Chithunzi chosaposa saizi ya A2, yomwe ndi masentimita 42 m'lifupi ndi pafupifupi 59 m'litali, chigwiritseni ku katoni yakumbuyo ndi timizere tiwiri ta tepi yopanda asidi m'mphepete mwa kumtunda mokha, kuti chilendewere momasuka ngati nsalu pachingwe. Chikakula kufika pa A1, yomwe ndi saizi ya ma A2 awiri, timizereto kawirikawiri sitikwanira, ndipo njira yodalirika ndiyo kumata msana wonse pa bolodi lolimba la fomu kapena la aluminiyamu pogwiritsa ntchito pepala lomata mbali zonse ziwiri. Yambirani mbali imodzi, mukusenda chotchinga cha pepalalo pang'onopang'ono ndi kutsindira ndi rola pamwamba pa pepala lina loyera. Tebulo lipukuteni kaye, chifukwa kamchenga kamodzi kakatsalira pansi kamaoneka ngati chiphuphu pankhope ya mkwatibwi, ndipo sikachotseka. Popeza chomatidwa motere sichimatukanso, chithunzi chakale cha makolo chimene chilipo chimodzi chokha musachimate. Chijambulitseni kachiwiri, mumate chatsopanocho.

Guluu wa akalipentala ndi wabwino pa matabwa, koma pa chithunzi ayi, chifukwa madzi ake amafufumitsa pepala. Pulayiwudi yopyapyala, imene ambiri amakonda kuika kumbuyo kwa chithunzi chifukwa ndi yotchipa, imapindika ndi chinyezi ndiponso imasanduliza pepala kukhala lachikasu pakapita zaka.

Galasi lisakhudze chithunzi. Ikani mkombero wa katoni yochindikala pakati pake kuti pakhale mpata wa mamilimita 2 kapena 3, apo ayi chinyezi chimamatiriza nkhope ya chithunzi ku galasi, ndipo tsiku lofuna kuchichotsa utoto umatsalira pomwepo. Kalipentala mumuuzenso kuti felemu ikhale yotakasuka ndi mamilimita angapo kuposa bolodi, osati yothina monga amakondera ena poganiza kuti kuthina ndiko kulimba.

Mukatseka kumbuyo ndi pepala lolimba kuti fumbi ndi mphemvu zisalowe, pachikani chithunzicho pakhoma lam'kati mwa nyumba, kutali ndi dzuwa, utsi wa kukhitchini ndi khoma limene mvula imawomba. Pa ngodya ziwiri zam'munsi matanipo tizidutswa ta labala kuti mphepo izidutsa kuseri, chifukwa chuku chimayambira pamene felemu yagundana ndi khoma lonyowa.