Mmene wophunzira angafikire pa kafukufuku wa optics ndi photonics

Ngati mukufuna kudzachita kafukufuku wa kuwala, amene amatchedwa optics ndi photonics, yambani ndi digiri ya fizikisi kapena ya uinjiniya wa zamagetsi, ndipo pa zaka zimenezo limbikirani masamu kuposa china chilichonse. Ambiri amakopeka ndi leza komanso mawaya a fibre amene amanyamula intaneti, koma munthu amene sanamvetse malamulo a Maxwell (ofotokoza magetsi, maginito ndi kuwala) komanso masamu a linear algebra ndi Fourier transform amadzavutika akangofika pa digiri ya masitazi. Phunziraninso Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta, chifukwa zotsatira za kuyesa kulikonse zimasanthulidwa pakompyuta.

Manja nawo amafunika kuzolowera. M'chaka chomaliza sankhani kafukufuku wa mu labotale ngakhale atakhala wamng'ono, monga kuyeza wavelength (kutalika kwa funde la kuwala) ya leza yofiira pogwiritsa ntchito diffraction grating (kachipangizo ka timizere tambiri komwaza kuwala), ndipo lembani zonse m'kope tsiku lomwelo, zolephereka zomwe. Kuika magalasi pamzere umodzi kumatha kudya masana onse, ndipo apa ndi pamene munthu amadziwira ngati ntchitoyi akuikondadi. Musayatse leza yamphamvu musanavale magalasi oteteza maso.

Pofuna masitazi kapena PhD, nkhani yaikulu ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu. Dzina la yunivesite limabwera pambuyo. Mwachitsanzo, wasayansi Donna Strickland analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchito imene anaisindikiza mu 1985, akuchita PhD ku yunivesite ya Rochester, ku America, moyang'aniridwa ndi Gérard Mourou. Kufupi ndi kwathu, South Africa ili ndi malo odziwika: yunivesite ya Stellenbosch, gulu la Andrew Forbes ku yunivesite ya Wits mu Johannesburg, komanso CSIR, bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi ku Pretoria, lomwe limayendetsa African Laser Centre yothandiza ophunzira a mu Africa. ICTP, bungwe la kafukufuku wa fizikisi la ku Trieste, ku Italy, limachititsa maphunziro afupiafupi otchedwa Winter College on Optics, ndipo SPIE ndi Optica, mabungwe a akatswiri a za kuwala, amalandira ophunzira kukhala mamembala pa mtengo wotsika.

Musanalembere mphunzitsi aliyense, werengani mapepala ake awiri kapena atatu a kafukufuku, kenaka m'kalatamo tchulani chimene mwamvetsa, funso limene lakutsalirani, ndi zimene munachita kale mu labotale. Kalata imodzi yotumizidwa kwa aliyense imazindikirika msanga ndipo kawirikawiri siyankhidwa. Tumizani pamodzi ndi zotsatira za mayeso anu, ndipo funsani mosabisa ngati gululo lili ndi ndalama zolipirira wophunzira wochokera kunja.