Mwatsitsa galimoto, yayamba kugogoda: momwe mungapezere gwero la phokoso

Abale athu ambiri a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mu Harare akutsitsa ma Honda Fit ndi ma Mark X awo kuti akhale pafupi ndi pansi. Pakangopita masiku ochepa, kunsi kumayamba kugogoda, ndipo mwini wake amathamangira ku Kaguvi Street kukagula ma shock atsopano. Ndalamayo isungeni kaye. Nthawi zambiri chinthu chikulira chifukwa chakhala malo osayenera, osati chifukwa chatha.

Yambani ndi khutu. Zimitsani wailesi, tsitsani magalasi, tulutsani jeke ndi masipanala mu buti chifukwa nazonso zimagogoda, kenako yendani pang'onopang'ono pa msewu wa mabampu. Gwirani nthawi imene phokoso likubwera. Likamveka gu! tayala likukwera bampu, ndiye kuti shock ikugunda kumapeto kwake kapena pa bump stop, kamphira koletsa shock kufinyika mpaka kumapeto. Likamveka tayala likugwera m'dzenje, kayikirani sipuling'i. Likamveka pokhota chiwongolero mutaima, yang'anani top mount, pamene shock imamangidwira ku bodi ya galimoto. Kulira kwa tha-tha-tha pokhota mukuyenda kumachokera ku CV joint, cholumikizira cha pa chitsulo chozungulitsa tayala.

Mukabwerako, imani pamalo osalala, pindani chiwongolero mbali zonse n'kusuzumira mkati mwa mudguard. Pulasitiki ikakhala yonyezimira kapena yobooka, tayala likukhula pamenepo.

Tsopano kwezani galimoto n'kuikhazika pa ma axle stand, zitsulo zochirikizira galimoto. Chonde musalowe kunsi itangotsamira jeke kapena njerwa. Tayala lili lende, gwirani sipuling'i ndi dzanja n'kuigwedeza. Ikasuntha, mwalipeza vuto: yafupika kwambiri moti ikuchoka pampando wake shock ikatambasuka. Izi zimachitika kwambiri ndi masipuling'i odula ndi grinder. Ine odulawa sindiwavomereza. Mapeto ake sakhalanso bwino pampando, ndipo dzenje limodzi la nthawi ya mvula litha kuichotsa malo mukuthamanga pa Seke Road muli ndi ana kumbuyo. Gulani opangidwira kutsitsa galimoto yanuyo, ndi ma shock aafupi ogwirizana nawo.

Kwezani mphira wophimba shock muone bump stop. Ikakhala yophwanyika kapena yong'ambika, galimoto yakhala ikuyendera pa iyo. Pamafunika yaifupi, koma musaichotseretu, chifukwa ndi imene imateteza shock kuti isadziphwanye mkati.

Stabilizer link (kandodo kolumikiza mbali ya tayala ndi chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pokhota) igwedezeni ndi dzanja. Galimoto ikatsika, link imapendekeka ndipo nthawi zina imagunda chitsulo choyandikana nacho. Pogundapo penti imakhala itachoka. Kenako gwirani tayala pamwamba ndi pansi, likankheni n'kulikoka. Likamasewera, ndi ball joint kapena bearing. Likamasewera mutagwira kumanja ndi kumanzere, ndi tie rod kapena rack end, zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi tayala.

Pali chimodzi chimene amakaniko ofulumira amachidumpha. Mabawuti odutsa m'mabushi (mphira) a control arm, mkono wachitsulo wolumikiza tayala ndi galimoto, amayenera kumangidwa komaliza galimoto itakhala pa matayala ake, kulemera konse kuli pansi. Akamangidwa ili m'mwamba, mphira umakhala wopotoka tsiku lonse, umalira kwii-kwii pa bampu iliyonse ndipo suchedwa kung'ambika. Mukapita kwa amakaniko a ku Gazaland, ku Highfield, afunseni mwaulemu: "Achimwene, mabawuti a mabushi munamanga galimoto ili pansi?" Ngati ayi, awamasule pang'ono galimoto ili pa ramp kapena padzenje, aigwedeze kuti ikhazikike, ndiyeno amange ndi torque wrench. Natinso ya pamwamba pa shock aione. Ikalefuka pang'ono pokha imagogoda ngati galimoto yonse ikuphwasuka.

Musaiwale ekizozi. Kuphwanyika kapena zokanda kunsi kwake zikusonyeza kuti mukukhudza mabampu, ndipo mphira woipachika uyenera kusinthidwa ngati watambasuka.

Zonsezi zikatha, yendani nayo sabata imodzi kapena ziwiri kuti masipuling'i akhazikike, kenako kapangitseni alignment. Kutsitsa kumasintha camber ndi toe (mmene matayala apendekekera ndi kumene aloza), ndipo mukazengereza mudzapeza matayala akutsogolo atadyeka mkati mpaka waya, kunja kukuoneka kwatsopano.